Mafunso ndi Mayankho: Kuweta Makorali ndi Nsomba za M'nyanja Yamchere Panyumba

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akhudza mathanki a galasi owetera makorali (tinyama ta m'nyanja tokhala m'magulu ooneka ngati miyala kapena zomera) ndi nsomba za m'nyanja yamchere, ntchito imene yayamba kukopa ena mwa owerenga athu, makamaka amene akukhala ku South Africa ndi ku Britain kumene masitolo a zipangizo zake ali pafupi. Tasankhapo angapo ndipo tawafupikitsa kuti akwane pa tsamba lino.

FUNSO: Ndakhala ndikuweta mbuna m'thanki ya malita 200 kwa zaka zingapo ndipo sizinandivutepo. Tsopano mtima ukufuna nsomba za m'nyanja yamchere pamodzi ndi makorali. Kodi ndingathire mchere wa kukhitchini m'thanki yomweyi n'kuyambapo? Ndine bambo wa ku Lilongwe.

YANKHO: Bambo, mchere umenewo usiyeni kukhitchini komweko. Pa lita iliyonse ya madzi a m'nyanja yamchere pamakhala magalamu pafupifupi 35 a mchere wosungunuka, ndipo ngakhale kuti gawo lalikulu ndi mchere womwe timadyawu, mulinso maginiziyamu, kashiyamu, potaziyamu ndi zina zing'onozing'ono zambiri zimene makorali amamangira mafupa awo. Mchere wa kukhitchini mulibe zimenezi. Chofunika ndi mchere wosakaniza kale umene amaupangira ntchito imeneyi, monga wa Red Sea, Tropic Marin kapena Instant Ocean, ndipo mugule wolembedwa kuti ndi wa makorali ngati cholinga chanu chili pamenepo.

Madzi osungunulira mcherewo ndi nkhani inanso. A pampopi amakhala ndi klorini, ndipo a pamjigo kapena pachitsime, ngakhale akhale abwino kumwa, kawirikawiri amanyamula nitrate, phosphate ndi silicate, zomwe ndi chakudya cha ndere. Oweta makorali amasefa madzi awo ndi makina a RO/DI, amene amachotsa zosungunuka m'madzi, mpaka kachipangizo koyezera zosungunuka m'madzi kasonyeze 0. Mukatero mumathira madziwo m'chidebe choyera, n'kumawazamo mchere pang'onopang'ono pampu ikuvundula, ndipo mumawasiya agone usiku wonse musanawagwiritse ntchito. Mchere ndi umene umapita m'madzi. Mukathira madzi pamulu wa mchere, kashiyamu amaundana n'kukhala pansi ngati ufa woyera ndipo sasungunukanso. Kuchuluka kwa mchere kuyezeni ndi refractometer, ndipo isonyeze pakati pa 1.025 ndi 1.026.

Galasi la thanki yanu likhoza kugwirabe ntchito, koma miyala ndi mchenga zimene mbuna zinali nazo muchotse, makamaka ngati munathirapo mankhwala a nsomba okhala ndi kopa, pakuti kopa amalowerera m'miyala n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo amapha makorali. Thanki ya makorali imafuna miyala ya laimu yokhala ndi timabowo tambirimbiri, chifukwa m'timabowo timeneto ndi mmene mumakhala mabakiteriya oyeretsa madzi. Mbunazo sizingatsalemo. Anthu ena amasokonezeka poona kuti madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH yokwera, kutanthauza kuti asidi ndi wochepa, yoyandikana ndi ya m'nyanja yamchere, koma kufananako kumathera pomwepo, ndipo mbuna ikaikidwa m'madzi amchere imafa.

Tikuuzeninso za ndalama, popeza mukulemba muli ku Lilongwe. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho mchere, timabotolo toyezera madzi, nyale ndi zamoyo zomwe, zonse muyenera kuitanitsa kunja. Mukamasintha gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi mlungu uliwonse, thanki ya malita 200 idzadya mchere woposa makilogalamu 35 pachaka, ndipo mcherewo ukakutherani katundu ali m'njira, palibe golosale imene ingakupulumutseni. Maganizo athu ndi akuti mbunazo muzisunge mmene zilili, mugule thanki yachiwiri, muyambe ndi miyala ndi nsomba ziwiri zokha, ndipo makorali adikire mpaka mutatsimikiza kuti njira yopezera zipangizo ndi yodalirika. Paja mbuna zimenezi anthu a ku Ulaya ndi ku America amaziitanitsa pandege kuchokera ku Salima, ndipo ndi nsomba zimenezi zimene zinachititsa kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Si nsomba zoti n'kuzitaya chifukwa choti maso aona zachilendo.

FUNSO: Ndinakonza thanki yanga ya malita 150, ndipo patapita masiku atatu ndinaikamo nsomba zisanu ndi imodzi. Mlungu usanathe zinayi zinafa. Pano mchenga ndi galasi zakutidwa ndi fumbi lofiirira. Kodi wogulitsa anandipatsa nsomba zodwala? Ndine mayi wa ku Johannesburg.

YANKHO: Pepani mayi chifukwa cha nsombazo. N'kutheka kuti zina zinali zofooka kale, koma malinga ndi mmene mwafotokozera, chimene chinazipha ndi amoniya. Nsomba zikamapuma ndi kuchita chimbudzi zimatulutsa amoniya, chakudya chotsala chikamawola chimatulutsanso amoniya, ndipo m'madzi a pH yokwera ngati amchere amoniyayo amakhala wapoizoni kwambiri kuposa m'madzi wamba. M'thanki yokhwima muli mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndiponso ena amene amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe sapha msanga ndipo amachepetsedwa posintha madzi. M'thanki ya masiku atatu mabakiteriyawa amakhala asanaswane, choncho nsomba zanu zinkasambira m'zonyansa zawo zomwe popanda chozichotsa.

Kuti mabakiteriyawo achuluke pamafunika milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, nthawi zina kuposerapo, ndipo nthawi yonseyi thanki iyenera kukhala yopanda nsomba. Mabakiteriya amadyetsedwa ndi madontho a ammonium chloride amene amagulitsidwa m'masitolo a nsomba, kapena ndi kachidutswa ka nsomba yaiwisi kamene kamasiyidwa kuti kawolere m'madzimo. Mukamayeza mudzaona amoniya akukwera kenako n'kutsika, nitrite akukwera pambuyo pake kenako n'kutsikanso, ndipo zonse ziwiri zikafika pa 0 nitrate n'kuyamba kuoneka, ndiye kuti thanki yakonzeka kulandira nsomba imodzi kapena ziwiri. Mukaika zimenezo mudikire milungu iwiri kapena itatu musanawonjezere zina. Pakali pano, pofuna kupulumutsa ziwiri zatsalazo, sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, chepetsani chakudya, thirani mabakiteriya a m'botolo, ndipo muziyeza amoniya tsiku lililonse.

Fumbi lofiiriralo lisakudetseni nkhawa. Ndi ndere zazing'ono kwambiri zotchedwa diatoms, zimene zimadya silicate wochokera mumchenga ndi miyala yatsopano, ndipo pafupifupi thanki iliyonse yatsopano imadutsamo. Silicate akatha zimazimiririka zokha. Pukutani galasi, ndipo madzi akakhazikika ikanimo nkhono zingapo za mtundu wa trochus kapena cerith. Mankhwala ophera ndere musagule.

Mukadzayambanso kugula, funsani nsomba zobadwira m'mathanki. Clownfish ya mtundu wa ocellaris, yofiirira ngati lalanje yokhala ndi mizere itatu yoyera, imaswetsedwa kwambiri m'mathanki, imapirira, ndipo imadya chakudya chogula popanda kunyinyirika. Mukagula ziwiri zazing'ono simufunika kufufuza kuti yaikazi ndi iti, chifukwa imene yakula n'kugonjetsa inzake imasanduka yaikazi, inayo n'kukhala yaimuna. Sizifunanso anemone, kanyama kooneka ngati duwa kamene zimabisalamo zikakhala m'nyanja, kuti zikhale bwino, ndipo anemone m'thanki yosakwana miyezi isanu ndi umodzi kawirikawiri amangofa. Nsomba za mtundu wa tang musazione kukongola m'sitolo, thanki yanu ndi yaing'ono kwa izo.

FUNSO: Madzi amatsika m'thanki tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndimawonjezera madzi amchere amene ndinasakaniza kale. Masiku ano makorali safutukuka ngati kale. Chalakwika n'chiyani? Ndine wowerenga wa ku Durban.

YANKHO: Chalakwika ndi madzi amene mukuwonjezerawo. Madzi akamauluka ngati nthunzi mchere sumapita nawo, umatsala, monga mmene ndiwo zimawawira mchere msuzi ukaphwera pamoto. Mukamathira madzi amchere m'malo mwa amene auluka, mchere ukukwera tsiku lililonse, ndipo makorali akunyala chifukwa cha zimenezo. Madzi owonjezera azikhala osefedwa, opanda mchere. Amchere ndi a pa tsiku losintha madzi basi, pamene mwachotsa amchere anzake ndi paipi. Yezani lero ndi refractometer, ndipo ngati yapitirira 1.026 muitsitse pang'onopang'ono, osapitirira 0.001 patsiku, pochotsa madzi pang'ono a m'thanki n'kubwezeramo opanda mchere. Lembani mzere pagalasi kuti muzidziwa pofikitsa madzi, kapena gulani kachipangizo kamene kamawonjezera kokha.

FUNSO: Ndinagula nyale yamphamvu ya LED ndi korali wa mtundu wa Acropora. Patangotha milungu iwiri wayera mbuu, ndipo ena amene ndinali nawo kale ayamba kutuwa. Kodi wafa? Thanki yanga ili ndi miyezi isanu. Ndine bambo wa ku Leeds.

YANKHO: Kuti tiyankhe bwino tiyambe ndi chimene korali ali. Ngakhale amaoneka ngati mwala kapena chomera, korali ndi gulu la tinyama ting'onoting'ono tolumikizana, ndipo m'minofu ya tinyamato mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala ndipo zimagawira korali gawo lalikulu la chakudya chimene amadalira, komanso ndi zimene zimamupatsa mtundu wofiirira umene umakhala pansi pa mitundu ina yowala. Korali akapanikizika ndi kutentha kapena ndi kuwala kopyola muyezo, amazitulutsa nderezo, minofu yake n'kukhala yoonekera mkati, ndipo kuyera kumene mukuonako ndi fupa la laimu limene lili pansi. Zimenezi ndi zomwe zinachitika m'nyanja ya Indian mu 1998, pamene madzi anatentha kwambiri ndipo makorali ochuluka a m'magombe a Kenya, Tanzania ndi Seychelles anayera, ambiri n'kufa.

Korali woyera sikuti wafa kale. Muyang'anitsitseni usiku ndi tochi. Ngati pafupapo pakadali kachikopa kopyapyala ndipo timanja take tikutuluka m'timabowo, ali moyo ndipo akhoza kubwerera pakapita milungu kapena miyezi. Ngati minofu ikusendeka n'kumasiya fupa lokhakhala, ndipo ndere zobiriwira zayamba kumerapo, gawo limenelo lapita. Thyolani nthambi imene ikadali ndi moyo, muimate pakamwala kena ndi guluu wa super glue wokhuthala uja, ndipo mwina mungapulumutseko kambewu.

Popeza makorali akale nawonso akutuwa, ife tikuloza chala nyale yatsopanoyo. Itsitseni mphamvu kufika pa theka kapena kucheperapo, muziiyatsa maola 8 mpaka 10 patsiku pa nthawi yofanana, ndipo muziikweza pang'ono mlungu uliwonse. Onaninso kutentha kwa madzi, kumene kuyenera kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 26, chifukwa m'nyumba za ku Britain zotenthetsera m'chipinda zikayaka thanki imene ili pafupi nazo imatentha masana n'kuzizira usiku.

Pali zinthu zitatu zimene aliyense woweta makorali a mafupa ayenera kuyeza mlungu uliwonse. Alkalinity, imene imasonyeza kuchuluka kwa carbonate m'madzi, ikhale pakati pa 7 ndi 11 pa muyezo wa dKH, kashiyamu pakati pa 400 ndi 450 ppm (magawo pa miliyoni imodzi), ndipo maginiziyamu pakati pa 1250 ndi 1350 ppm. Korali akamakula amachotsa kashiyamu ndi carbonate m'madzi kuti amange fupa, choncho manambala awiri oyambawo amatsika okha ndipo ayenera kubwezeredwa, pamene maginiziyamu amathandiza kuti ziwirizo zisaundane zisanafike kwa korali. Komabe apa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka okha, chifukwa akawerenga kuti wina amasunga 9 dKH pamene iwo ali pa 7.5, amathira mankhwala ambiri usiku umodzi kuti afikepo. Korali amatha kukhala bwinobwino pa 7.5 kapena pa 9, koma chimene sapirira ndi kudumpha kuchoka pa nambala ina kupita pa ina. Sankhani nambala imodzi yoyandikana ndi imene mchere wanu umatulutsa, ndipo mukafuna kusintha musapitirire 1 dKH patsiku. N'chimodzimodzinso ndi nitrate ndi phosphate: zikachuluka zimabweretsa ndere, koma zikafika pa 0 makorali amatuwa ndi njala, ndiye skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu) ndi masefa anu asayeretse madzi mpaka kuwasandutsa chipululu. Nitrate wa pakati pa 2 ndi 10 ppm ndi phosphate wa pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm ndi wokwanira.

Kunena mosabisa, bambo, Acropora anabwera msanga. Ndi mmodzi mwa makorali ovuta kwambiri, wofuna madzi othamanga ndi thanki imene yakhazikika kwa chaka kapena kuposa. Pa miyezi isanu muyenera kukhala ndi makorali ofewa monga a mushroom ndi leather, kenako a mafupa koma aminofu yambiri monga hammer ndi Duncan. Muziwasiyira mpata pakati, chifukwa hammer ndi abale ake amatulutsa timanja titalititali toluma, makamaka usiku, ndipo amawotcha mnansi aliyense amene wayandikira.

FUNSO: Nsomba zanga zatuluka timadontho toyera ngati mchere ndipo zikudzikanda pamiyala. Mnzanga akuti ndithire mankhwala a kopa. Ndithire angati? Ndine wowerenga wa ku Cape Town.

YANKHO: M'thanki ya makorali musathire ngakhale dontho limodzi. Mnzanuyo sanalakwe ponena kuti kopa amachiza matendawa, koma amaphanso makorali, nkhono ndi tinkhanu tonse, ndipo amatsalira m'miyala. Timadontho timeneto kawirikawiri ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans. Kamadya pathupi la nsomba kwa masiku angapo, kenako kamagwa n'kukamatirira pamwala kapena pamchenga, kumene kamaswana n'kutulutsa ana mazanamazana amene amasambira kufunafuna nsomba ina. N'chifukwa chake timadonthoto timazimiririka, mwini thanki n'kusangalala kuti nsomba zachira, kenako n'kubweranso tochuluka kuposa poyamba.

Njira yotsimikizika ndi yotopetsa. Nsomba zonse, ngakhale zooneka zathanzi, zichoke zipite m'thanki ina yopanda miyala ndi mchenga, yokhala ndi hita, sefa ndi zidutswa za paipi ya pulasitiki zobisalamo, ndipo kumeneko ndi kumene mungathire kopa motsatira malangizo a pabotolo, mukuyeza kuchuluka kwake tsiku ndi tsiku chifukwa akachepa sachiza ndipo akachuluka amapha nsombayo. Thanki yaikulu ikhale yopanda nsomba kuti kachilombo kafe ndi njala. Oweta ambiri amadikira masiku 76 pofuna kutsimikiza. Makorali ndi nkhono zikhoza kutsalamo popeza kachilomboka sikazidya. Ngati timadonthoto ndi tosalala kwambiri ngati ufa, ndipo nsomba zikupuma mofulumira n'kumaima kutsogolo kwa pampu, amenewo ndi matenda ena oopsa kwambiri otchedwa velvet, amene amatha kumaliza thanki yonse m'masiku ochepa, choncho musagone musanazisamutse. Kuyambira pano nsomba iliyonse yatsopano iziyamba yakhala payokha milungu inayi m'kathanki komweko isanasakanikirane ndi zinzake.

FUNSO: Kuno magetsi amatha kuzima maola ambiri. Kodi thanki ingapirire nthawi yaitali bwanji, ndipo ndiyambe kugula chiyani? Ndine bambo wa ku Lusaka.

YANKHO: Anthu ambiri magetsi akazima amadera nkhawa nyale, pamene nyale ndi chinthu chomaliza kuchiganizira, makorali amatha kukhala masiku awiri kapena atatu mumdima osavulala. Choopsa ndi kuima kwa madzi. Madzi amchere ofunda amasunga okosijeni wochepa poyerekeza ndi madzi wamba ozizira, ndipo nsomba, makorali ndi mabakiteriya onse akupuma mpweya womwewo, choncho m'thanki yodzaza nsomba mavuto amatha kuyamba pakangopita maola ochepa, nsomba zazikulu n'kuyamba kufa. Choyamba kugula ndi pampu ya mpweya yoyendera mabatire, makamaka imene imayaka yokha magetsi akazima, pakuti sadikira kuti mukhale pakhomo. Chachiwiri ndi inveta ndi batire yoyendetsa pampu imodzi yovundula madzi, yoloza pamwamba kuti madzi azichita mafunde. Mapampu oterewa amadya magetsi ochepa ndipo batire imawayendetsa nthawi yaitali, koma hita imaimaliza msanga, ndiye m'miyezi ya June ndi July ndi bwino kukutira thanki ndi bulangeti kusiyana ndi kulumikiza hita ku batire. Mu October vuto limakhala kutentha, ndipo fani yaing'ono youzira pamwamba pa madzi, kapena botolo lotsekedwa bwino la madzi oundana loyandama m'thanki, zimathandiza. Zonse zikakanika, tungani madzi ndi jagi n'kumawatsanulira momwemo kuchokera m'mwamba pa mphindi zingapo zilizonse. Magetsi asanabwere musadyetse nsomba. Ngati kuzimako kumachitika kawirikawiri, wetani nsomba zochepa kuposa zimene thanki ingakwanitse, ndipo zamabatirezi mugule musanagule korali woyamba.

FUNSO: Ndikupita kukacheza kugombe la Mozambique. Kodi ndingathyoleko makorali ndi miyala yake n'kubwera nazo? Ndamvanso kuti miyala yotere ndiyenera kuiwiritsa kuti tizilombo tife. Ndine wowerenga wa ku Blantyre.

YANKHO: Musathyole. Makorali onse a mafupa ali pa gawo lachiwiri la mgwirizano wa CITES, umene mayiko amayang'anira nawo malonda a nyama ndi zomera zachilengedwe, kutanthauza kuti kuwadutsitsa malire a dziko, kaya ali moyo kaya ndi fupa louma, kumafuna chilolezo cha boma la dziko limene achokera, ndipo malo ngati zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas ndi otetezedwa. Kupatula lamulo, korali wothyoledwa m'nyanja sangapirire ulendo wa pagalimoto m'chidebe chotentha. Amene amakhala bwino m'mathanki ndi tizidutswa timene oweta ena adula pa makorali awo, tozolowera kale nyale ndi mchere wosakaniza.

Za kuwiritsazo, chonde musayese ngakhale pa miyala yogula m'sitolo. Makorali ena ofewa, makamaka a mtundu wa Palythoa ndi ena mwa ma zoanthid, ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsa kwambiri m'chilengedwe, ndipo amatha kumera pamwala mwini wake osadziwa. Mwala wotero ukawiritsidwa, kuthiridwa madzi otentha kapena kukwechedwa uli kunja kwa madzi, poizoniyo amalowa mumpweya ndipo onse a m'nyumbamo amamupuma. Mu 2018 ku Oxfordshire, ku England, anthu a banja lina pamodzi ndi ozimitsa moto amene anabwera kudzawathandiza anatengeredwa kuchipatala pambuyo poti mwini nyumba watsuka miyala ya m'thanki yake. Pogwira miyala ndi makorali muzivala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, musaike dzanja la bala m'madzi, musayamwe paipi ndi pakamwa pochotsa madzi, ndipo ana asamasewere ndi zidebe zake. Munthu akayamba kutsokomola, kubanika, kutentha thupi kapena kumva kuwawa ngati chitsulo m'kamwa atangogwira ntchito ya m'thanki, tulutsani onse panja, tsegulani mawindo, ndipo thamangirani kuchipatala mukawauze madokotala kuti wodwalayo anagwira makorali, chifukwa zizindikirozo zimafanana ndi za chimfine ndipo sangaganizire za palytoxin ngati simunawatchulire.